Sayini yanu ndi imene akugula, achimwene

Imelo iyi yafika Lachiwiri usiku ndipo ndayiwerenga katatu ndisanagone. Mnyamata wina wokonza ndege ku Lumbadzi akuti watha zaka 6 pa ntchito, laisensi yosayinira ntchito ya ndege sanapezebe, malipiro anaima pamodzimodzi, yuniyoni yawo ili zii, nde akufunsa kuti angosiya akatsegule garaja ku Biwi kapena apirirebe. Achimwene, mwandikhudza pachilonda, chifukwa funso lomwelo ndinalifunsapo ine ndili pa bedi ku Area 25, nyali itazima, mayi akunyumba akuganiza kuti ndagona.

Ine ndinagwira ntchito imeneyi zaka 14, pa kakampani kena ka ndege zing'onozing'ono zonyamula alendo kupita kunyanja ndi kumalo a nyama. Kudzuka 3 koloko m'mawa, mu Juni kukuzizira koti zala kukanika kugwira sipanala, kuima pa M1 kudikira lifiti chifukwa nthawi imeneyo minibasi ya ku Lumbadzi siinayambe kuyenda. Anthu akamva kuti umagwira ku eyapoti amangoti eee ameneyo zake zinayera, achibale akumudzi mameseji osatha, fizi ya mwana, feteleza, maliro. Sadziwa kuti iweyo tsiku la 20 lisanakwane wayamba kale kulemba m'buku la ngongole pa okala ya pakona.

Usiku umene sindidzauiwala unali wa mu 2012. Ndinatsegula chip detector ya injini ya ndege yaing'ono yotchedwa Caravan, kachitsulo kamaginito kaja kamene kamagwira tizidutswa ta chitsulo toyenda mu oyilo, ndipo ndinapezapo tizidutswa tonyezimira. Amene amadziwa PT6, injini ya ndege imeneyi, akudziwa kuti zimenezi siungangopukuta ndi nsanza nkubwezeretsa, pali zimene buku la injini limalamula kuti uchite kaye, chifukwa mwina beringi yayamba kudyeka mkati. M'mawa mwake kunali alendo oti anyamuke, olipira madola. Abwana anabwera okha ku hangara kumene timakonzera ndege, chinthu chimene sankachita, nkundigwira paphewa bwinobwino kuti mphwanga tangosayina, ikapite ulendo umodzi wokha tidzayiona ikabwera. Ndinakana. Sanandikalipire ayi, anangoti chabwino, koma kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka "wovuta uja", maphunziro akunja akabwera amapita ena, ndipo chaka chimenecho ndalama yanga sinasunthe ngakhale tambala. Chaka chomwecho, mu Meyi, kwacha inali itagwa pafupifupi ndi theka, shuga ndi sopo zitakwera, lendi itakwera.

Nde apa ndi pamene mtima wanga umawawa mpaka lero. Mu bizinesi ya ndege pafupifupi chilichonse chimawerengedwa mu madola. Tayala, fyuluta, ngakhale kabawuti kakang'ono kokhala ndi pepala lake, zonse madola, ndipo kwacha ikagwa palibe bwana amene amauza wogulitsa zipangizo ku Johannesburg kuti tadikirani zinthu zavuta, amalipira basi. Chinthu chimodzi chokha chimene chimagulidwa ndi kwacha mu hangara monse ndi munthu amene akumanga mabawutiwo. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, nde ngati malipiro anu sanasinthe chiyambire nthawi imeneyo, achimwene, musamati anaima, anakudulani, kungoti sanakulembereni kalata.

Ndipo anthu samvetsa kuti makaniko wa ndege amagulitsa chani. Si mphamvu za manja ayi. Ndege siingachoke pansi popanda munthu wa laisensi kusayina kuti ntchito yagwiridwa molondola ndipo ikhoza kuuluka, ndipo sayini imeneyo imasungidwa, zinthu zikadzalakwika ofufuza amayamba ndi mapepala, kufunafuna kuti anasayina ndani. Woyendetsa ndege ndimamulemekeza, moyo wake uli momwemo, malipiro ake ndi oyenera, sindikuti amudule. Koma iye amavala yunifomu yoyera anthu nkumamuona, ife timagwira usiku anthu ali mtulo, pofika m'mawa tapita kale, nde pa tebulo logawa ndalama amatiiwala mosavuta.

Kuipa kwake malipiro ochepa amabala kutopa. Ine Loweruka ndi Lamulungu ndinkakonza magalimoto a anthu pakhomo kuti ana adye, Lolemba nkubwera ku shifiti maso ali psuu. Munthu wotero ndi amene amaiwala kumanga lock wire, kawaya kogwira mabawuti kuti asamasuke, kapena kusiya sipanala mkati mwa injini. Amene amati nkhani ya malipiro a amakaniko ndi dyera chabe sanaganize kuti akukwera ndege imene wakonza ndi munthu amene wagona maola atatu.

Za yuniyoni, ndiyankhula mosabisa ngakhale ena akwiya. Ifenso tinali ndi vuto lanu lomweli ndipo mbali ina tinalipanga tokha. Ndalama ya umembala inkadulidwa mwezi ndi mwezi koma ku msonkhano kumapita anthu owerengeka, ineyo ndinajomba kambirimbiri ndikumati ndatopa, kenako nkumadandaula kuti atsogoleri agulidwa. Mwina ena anagulidwadi, koma mtsogoleri wolowa mu ofesi ya bwana kumbuyo kwake kulibe anthu angachite chani? Vuto lachiwiri ndi loti amakaniko ndife ochepa. Mukakhala mu gulu limodzi ndi onyamula katundu, ogulitsa matikiti ndi oyeretsa, mavuto awo ndi enieni ndithu, koma povota mawu anu amamira, nkhani ya alawansi ya laisensi kapena ya shifiti yausiku imakhala yomalizira, nthawi yatha, tidzakambirana ulendo wina.

Izi si za kuno kokha. Ku America amakaniko ena anapanga yuniyoni yawoyawo yotchedwa AMFA pa chifukwa chomwechi. Koma mverani zimene zinachitika mu Ogasiti 2005: amakaniko ndi oyeretsa a Northwest Airlines oposa 4,000 ananyanyala ntchito, kampani inali itakonzekeratu anthu ena olowa m'malo mwawo, mayuniyoni ena a pakampanipo sanawatsatire, ndege zinapitiriza kuuluka, sitalaka inatha patadutsa chaka ambiri ntchito itawathera. A ku Southwest Airlines anakambirana kontrakiti imodzi zaka zoposa 6 mpaka inatheka mu 2019. Nde ine amene amabwera ndi mawu okoma oti tiyeni tingoima mawa ndimamuyang'ana kawiri. Kukhala panokha kumakupatsani mawu, koma tsiku la nkhondo mumafuna wonyamula katundu uja aime nanu. Ndinafika potsimikiza kuti njira ndi kukhala mu gulu lalikulu koma kulimbana kuti pa tebulo lokambirana pakhale makaniko weniweni, wonunkha oyilo, osati wokuyimirirani amene sanagwirepo torque wrench, sipanala yopima kulimba kwa bawuti.

Komanso msika wathu ndi waung'ono, tisanamizane. Air Malawi itatsekedwa mu 2013, Malawian Airlines nkuyamba mu 2014 Ethiopian Airlines ili ndi magawo 49 pa 100 alionse, anthu aluso ambiri anabalalika, ena kunja, ena ku magalimoto. Ntchito zikuluzikulu zophwasula ndege yonse zimachitikira ku mahangara aakulu a ku Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg. Bwana wa kuno amadziwa kuti zitseko zogogoda ndi zochepa, nchifukwa chake sachita mantha mukamuopseza kuti muchoka.

Nanga lamulo likuti chani?

Employment Act ya 2000 imati sabata yogwira ntchito ndi maola 48, ovataimu wamba amalipira ola ndi theka, ya tsiku lopuma kapena la holide ndi kawiri. Penshoni bwana amaika 10 peresenti inu 5, ndipo pitani mukafunse nokha kumene imasungidwa ngati ikufikadi, musangokhulupirira payslip. Labour Relations Act ya 1996 imakupatsani ufulu wolowa yuniyoni ndi kukambirana malipiro pamodzi, ndipo zikakanika kuli ofesi ya zantchito ndi Industrial Relations Court, ngakhale milandu imachedwa. Pemphani kope ya mgwirizano umene yuniyoni inasayinirana ndi kampani muuwerenge nokha, muone unatha liti. Ambiri amene timakangana pa nkhomaliro za mgwirizano umenewu tinali tisanauonepo ndi maso.

Ine ndinachoka mu 2016, garaja ndili nayo, miyezi ina imandipatsa kuposa zimene ndinkalandira, miyezi ina mafuta akasowa m'tauni magalimoto osayenda timangokhala. Chimene sindinachiganizire bwino ndi choti mphamvu ya laisensi imafuna kuti ukhale wagwira ntchito ya ndege miyezi 6 mu zaka ziwiri zapitazo. Yanga inagona, ndipo kubwerera kunakhala phiri.

Nde yankho langa ndi ili: musachoke opanda laisensi. Zaka 6 zopanda pepala kunja kwa geti ya eyapoti palibe amene aziwerenga. Lembani ntchito iliyonse mu logbook, injiniya wa laisensi asayine tsiku lomwelo, musadikire kutha kwa chaka anthu atasamuka. Lembani mayeso limodzilimodzi, ngati mukuganiza zakunja yang'anani za laisensi ya ku Ulaya ya EASA Part-66, B1 ya injini ndi thupi la ndege, B2 ya zamagetsi. Akakupatsani maphunziro a type rating (a mtundu umodzi wa ndege) ndi bondi (pepala lokumangani kuti mugwirebe pakampanipo), werengani zaka zake ndi ndalama yobweza musanagwire cholembera. Msonkhano wotsatira wa yuniyoni pitani ndi anzanu a shifiti yanu yonse. Garaja yambani Loweruka pang'onopang'ono, koma osati sabata imene muli pa shifiti yausiku.

Loweruka masana ndimakhala ndilipo, ndiyankheni pa imelo yomweyi tigwirizane, mubwere ndi logbook yanuyo tidzaione tsamba ndi tsamba kuti tidziwe mwatsala pati.