Tifunseni: Makalata a akatswiri a mafilimu m'bokosi la nsapato

FUNSO: Ine ndimagwira ntchito ya m'dimba ku Parkhurst, kuno ku Joni. Agogo achizungu amene ndimawagwirira ntchito akusamukira kunyumba yosungira okalamba, ndiye andipatsa bokosi la nsapato lodzaza makalata ndi zithunzi. Akuti ali mtsikana ankalembera akatswiri a mafilimu a ku America, ena n'kumawayankha. Muli kalata ya Joan Crawford, chithunzi cha Jean Harlow chimene akuti chinali cha mayi awo, ndi kapepala kosainidwa ndi Sidney Poitier. Mnzanga akuti tizichite laminate, tikagulitse kumsika wa Lamlungu ku Rosebank. Kodi muli ndalama m'menemu? — Mnyamata wa ku Mangochi, Turffontein

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo mumuuze aupeze mtima. Ife Amalawi pepala lililonse timathamangira nalo ku laminate, koma kalata yakale ikangomatidwa pulasitiki yotentha ija, basi yafa. Sichokanso, ndipo wogula wodziwa amangoyang'ana n'kukubwezerani. Selotepi nayonso ayi.

Ntchito yoyamba si yamsika. Agogowo asanasamuke, apempheni alembe ndi dzanja lawo kuti bokosili akupatsani ndi iwo, aike tsiku, asaine, afotokozenso mmene chinthu chilichonse anachipezera. Ogula makalata otere amafuna mbiri yake kuposa satifiketi yodindidwa ndi munthu wosadziwika. Chifukwa china mukuchidziwa nokha: mlendo wa m'dimba akapezeka ndi katundu wa abwana, ana awo kapena apolisi safunsa mwaulemu. Maenvulopu musataye ngakhale ong'ambika, pakuti sitampa ndi chidindo cha positi ndiwo mboni ya chaka ndi malo.

Kalata ya Crawford ndikuikhulupirira. Mayiyu, amene anamwalira mu 1977, ankadziwika kuti amayankha omukonda mosatopa, makalata olembedwa pa makina otaipira, kawirikawiri papepala labuluu, n'kusaina pansi. Vuto lake ndi lomwelo: analemba ochuluka zedi, ndiye mtengo sukwera kwenikweni. Iwerengeni bwino. Ya "zikomo pondilembera" ndi yotsika, koma ngati akukamba za filimu imene akujambula kapena za mnzake wapantchito, imalemerako.

Za Harlow musayembekezere zambiri. Anamwalira mu 1937 ali ndi zaka 26 zokha, ndipo zithunzi zambiri zotumizidwa kwa omukonda ankasaina ndi mayi ake. Makampani a mafilimu analinso ndi alembi ongosainira akatswiri tsiku lonse. Pendeketsani chithunzicho pawindo, muyang'ane ndi galasi lokulitsa zinthu. Cholembera chenicheni chimasiya kanjira papepala, inki n'kunenepa pena, kuwonda pena. Siginecha yosindikizidwa limodzi ndi chithunzi imakhala yosalala ngati chithunzicho, pomwe ya chidindo inki yake imaunjikana m'mbali mwa zilembo. Mukapeza kuti ndi bolopeni, nkhani yatha, chifukwa bolopeni inayamba kugulitsidwa m'masitolo a ku America mu 1945, mwiniwake atagona kale m'manda.

Kapepala ka Poitier ndi kamene kandikhazika tsonga. Iyeyu anabwera kuno mu 1950 ndi katswiri mnzake Canada Lee kudzajambula filimu ya Cry, the Beloved Country, ndipo chifukwa cha malamulo a tsankho, awiriwa analowa m'dziko muno ngati antchito a wotsogolera filimuyo, Zoltan Korda. Nthawi imeneyo anali mnyamata wongoyamba kumene, mphoto yake ya mafilimu ya Oscar ya 1964 isanalotedwe n'komwe. Afunseni agogowo: anachita kutumiziridwa papositi, kapena anakumana naye maso ndi maso muno mu Joni? Ngati n'kuno, alembe malo ndi chaka. Kwa wogula wa ku South Africa, kapepalako kangathe kuposa zina ziwirizo.

Pakadali pano, ikani chilichonse pachokha m'mapepala opanda asidi amene amagulitsa m'masitolo a zojambulajambula, muchotse mapini ndi timalamba tarabala. Musapachike pakhoma, dzuwa la kuno limafufutsa inki msanga. Ngati chipinda chanu chimadontha mvula ya Disembala ikamagwa, bokosilo likhale pamwamba pa wadirobu, osati pansi pa bedi.

Zikatero, jambulani zonse pafoni, kutsogolo ndi kumbuyo, mutumize kwa ochititsa okushoni ya mabuku ndi mapepala akale, awiri kapena atatu. Afunseni gawo limene amadula akagulitsa, ndipo musasiye pepala lenileni m'manja mwa munthu popanda risiti yotchula chinthu chilichonse.