Funsani Mmisiri: Kodi Khoma Langa Ligwira TV?

Funso: Bambo mmisiri, madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 anandiwonongera TV yomwe inali patebulo. Ndagula ina ya mainchesi 32 ndi bulaketi yake, chitsulo chopachikira TV kukhoma. Khoma langa ndi la njerwa zowotcha, zomangira dothi. Ligwira? Ndine mayi wa ku Bangula.

Yankho: Pepani mayi ndi zomwe zinakuonekerani. Ligwira, TV yotereyi silemera kwenikweni. Koma musabowole pamzere wa dothi, chifukwa likauma limanyenyeka ndipo sikuluwu imazuka. Bowolani pakati penipeni pa njerwa, pemererani fumbi lichoke, lowetsani pulagi yapulasitiki (kapulasitiki kogwira sikuluwu m'bowo), kenaka mangani sikuluwu. Misomali ayi, ndakana.

Njerwa ikamafumbutuka pobowola, ndiye kuti sinapse bwino. Zikatero ine ndimabowola mpaka kuseri, n'kulowetsa bawuti yaitali yomangira pa kachitsulo kafulati kunjako. Thabwa sindilikonda, chiswe chakuno mukuchidziwa.

Musanaikepo TV, kokerani bulaketiyo pansi ndi manja onse awiri, isagwedere. Siyaninso mpata kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, poti kutentha kwa m'chigwa muno mu Okutobala kumaononga zipangizo. Soketi nayonso ikwere m'mwamba, kuopa madzi osefukira.