Za "badly" mwafunsa zija

Achemwali mwafunsa kuti "badly" ndi chani kwenikweni, komanso bwanji munthu amati "I need it badly" chonsecho chinthu akuchifunacho nchabwinobwino. Nde tamvani.

Ka -ly kakumapetoko kamagwira ntchito ngati mo- wathu uja, bad ndi choipa, badly ndi moipa kapena mosalongosoka. Mukamva kuti "the dress was badly sewn" ndekuti telala wasoka ndithu koma kolala yapendama, mkono wina watalika, poti muvale ku ukwati mukuchita kuona manyazi. Ntchito yagwiridwa koma kagwiridwe kake nkamene kali ndi vuto.

Pomwe ambirife timagwa mpakusakaniza ndi "wrongly". Uyu ndi molakwika, kuphonya chenichenicho. Dzina lanu pa setifiketi alilemba mokongola zedi koma aika L pomwe pamayenera kukhala R, apo ndi "wrongly spelt". Koma mwana walemba zoona zokhazokha, kungoti zilembo zake zili ngati papalasa nkhuku aphunzitsi akuchita kutsinzinira kuti awerenge, ameneyo walemba badly. Poti wrongly ndi molakwika, nchifukwa chake munthu womunamizira mlandu amati "wrongly accused".

Tsono za "I need it badly" zo musadabwe nazo, ifenso timatero, tikati ndikuifuna koopsa ntchito imeneyi pali choopsa chanji pamenepo? Palibe, tikungotanthauza kwambiri basi. Badly akayenda ndi need kapena want amasanduka kwambiri, chimodzimodzi "badly injured" ndi kuvulala kodetsa nkhawa, "badly damaged" kuonongeka kwambiri. Koma chonde osakatengera pa aliyense, mukalembera munthu kuti "I love you badly" zimamveka ngati chikondi chanucho mukuchiyendetsa moipa kkkk, kuli bwino mungoti very much.

Poyerekeza kuipa kwa kachitidwe ka chinthu kawirikawiri sanena "more badly" ayi, amati worse kenako worst. Timu yathu yasewera badly, yanu yasewera worse.

China, mukamva chisoni kapena mwalakwira munthu lembani "I feel bad". Alipo eni chilankhulo amene amati "I feel badly" makamaka ku America, koma ngati ndi za mayeso a MSCE ine ndingasankhe bad. Pali "poorly" nayenso amafanana ndi badly, kungoti ku Britain akati "she is poorly" ndekuti munthuyo akudwala, osati wasauka.