Mbewa ili ndi HLA ya munthu, koma maselo ake sakuyankha

Funso: Akonzi, ndine wophunzira kuno ku Johannesburg. Mu labotale mwathu tinabaya peptide (kachidutswa ka pulotini) m'mbewa zomwe zinaikidwa jini ya munthu ya HLA-A2 (pulotini yoonetsa ma peptide kwa maselo a chitetezo cha m'thupi), koma pa ELISpot (njira yowerengera maselo amene akuyankha) sipanaoneke kanthu. Kodi maselo a mbewa amazindikira bwanji zinthu za munthu, nanga chavuta n'chiyani?
Mtsikana wa ku Braamfontein

Yankho: Achemwali, selo ya T, yomwe ndi ya chitetezo cha m'thupi, siona pulotini yathunthu. Proteasome imadula pulotini m'tizidutswa, pulotini ya TAP n'kutilowetsa mu ER (kachipinda ka m'kati mwa selo), kenako HLA imanyamula kachidutswa ka ma amino acid 8 mpaka 10 kukakaonetsa kunja kwa selo. Mbewa yobadwa ndi jini ya HLA, maselo ake a T amakhwimira mu thymus (kachiwalo ka m'chifuwa) akuiona HLA-yo ngati yawo, ndiye amatha kuzindikira peptide imene yanyamula.

Pamene pamavuta kawirikawiri ndi pa CD8, pulotini ya pa selo ya T. Imayenera kumata pa gawo la HLA lotchedwa alpha-3, koma CD8 ya mbewa imagwira alpha-3 ya munthu mofooka, ngati kunyamula ndowa yodzaza ndi dzanja limodzi. N'chifukwa chake mu 1991 anapanga mbewa za A2/Kb, zomwe alpha-1 ndi alpha-2 ndi za munthu koma alpha-3 ndi ya mbewa. Ngakhale apo, ma H-2, omwe amagwira ntchito ya HLA m'mbewa, amalanda ntchito, maselo a T ambiri n'kumatsatira iwowo. Mbewa za HHD, zopangidwa ku Institut Pasteur mu 1997, anazichotsera H-2Db ndi beta-2 microglobulin ya mbewa (pulotini yothandiza ma H-2 kuoneka kunja kwa selo) kuti HLA-A2 isakhale ndi wopikisana nayo. Funsani osamalira mbewa kuti zanuzo ndi za mtundu uti, ndipo tsimikizani ndi flow cytometry (makina oyeza maselo limodzilimodzi) kuti HLA-A2 ikuonekadi pa maselo a kapamba (spleen).

Pa kuyesa kotsatira, bayani gulu lina peptide ya chimfine ya GILGFVFTL. Mbewazo zikayankha, vuto lili pa peptide yanu. Zikapanda kuyankha, yang'anani mbewa, adjuvant (mankhwala okolezera chitetezo cha m'thupi) kapena mmene mukukonzera maselo.

Tikuchenjezeninso za TAP ya mbewa: imalowetsa movutikira ma peptide othera ndi amino acid ya lysine kapena arginine, omwe mitundu ina ya HLA, A3 ndi A11, imawakonda.

Chomwe chimatidetsa nkhawa n'chakuti HLA-A*02:01 ndi yofala kwambiri mwa azungu kuposa mwa anthu a kum'mwera kwa Africa. Kuno tili ndi mitundu ina ya HLA monga B*58:01, yomwe imathandiza thupi kuchepetsa HIV, ndi B*58:02, yomwe sithandiza. Mukamayesa katemera wa anthu a kuno, zotsatira za mbewa ya A2 zokha sizikwanira.