Kachotupa pakhosi pa mwana, ndi mkaka umene sanauletse ku Chernobyl

Mayi wina wa ku Karonga wandilembera imelo. Mwana wake wamkazi wa zaka 9 watuluka kachotupa pakhosi, ndipo mayiyu anaona pa Facebook vidiyo ya ana a ku Chernobyl okhala ndi zipsera m'khosi. Akufunsa ngati mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ungabweretse khansa yomweyo ya chithokomiro.

Mayi, funso lanu landilasa mtima, chifukwa kwathu za pakhosi timazidziwa. Mng'ono wanga anayamba kutupa ali ku sekondale. Tinkaona akamameza nsima, kanthu kakukwera n'kutsika m'munsi mwa kholingo. Azakhali anati n'zakumtundu, agogo anati zidzaphwa akadzakula. Kuchipatala china ankangomupatsa panado n'kumubweza. Mtsikanayo anayamba kukulunga mpango m'khosi ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tsiku limene anakumana ndi dokotala amene anamugwira khosi ndi zala n'kumuuza kuti ameze malovu, chotupacho chinali chitalimba kale. Anamuchotsa chithokomiro chonse. Lero ali bwinobwino, ndi mayi wa ana ake, koma m'mawa uliwonse asanalawe kanthu amamwa piritsi la levothyroxine, logwira ntchito m'malo mwa chithokomiro chimene anachotsacho, ndipo adzamwa moyo wake wonse. Ndikaganiza za nthawi imene inatayika chifukwa cha "dikirani kaye", mpaka pano mtima umandiwawa.

N'chifukwa chake nkhani ya Chernobyl imandipsetsa mtima. Pa 26 Epulo 1986 malo opangira magetsi a nyukiliya anaphulika ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, nthawiyo kuli Soviet Union. Mu utsiwo munali ayodini wa poizoni wotchedwa iodine-131. Anagwera pamsipu, ng'ombe zinadya udzuwo, ana n'kumwa mkaka. Chithokomiro chimakoka ayodini aliyense amene walowa m'thupi, sichisankha, ndipo cha mwana chimavulala msanga poti n'chaching'ono komanso chikukula. M'madera ambiri a Belarus, Ukraine ndi Russia anthu ankaperewera ayodini kale m'zakudya, choncho zithokomiro za ana zinamwa poizoniyo ngati nthaka youma ikalandira mvula yoyamba.

Tsono tamvani. Mphamvu ya ayodini ameneyu imatsika ndi theka pa masiku 8 alionse. Miyezi itatu ikatha amakhala atatheratu. Akuluakulu akanangouza anthu a m'midzi kuti milungu ingapo ana asamwe mkaka wa ng'ombe zawo, ambiri akanapulumuka. Dziko la Poland linamwetsa ana oposa 10 miliyoni mankhwala a ayodini wabwino m'masiku oyambirira omwewo. Koma kumidzi ya ku Gomel, ku Belarus, makolo ankakama ng'ombe monga mwa masiku onse chifukwa palibe anawachenjeza. Bungwe la United Nations loona za cheza choopsa, UNSCEAR, linapeza kuti pofika 2005 anthu oposa 6,000 amene anali ana pa nthawi ya ngoziyo anali atadwala khansa ya chithokomiro, ndipo 15 anali atamwalira nayo. Ena amati chiwerengero cha omwalira n'chochepa. Ine ndimakana kuwerenga choncho. Enawo ndi anthu ochekedwa pakhosi, omwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, ndipo amene anawachita zimenezi ndi akuluakulu amene anadziwa n'kukhala duu.

Ku Fukushima, ku Japan, mu 2011 anasamutsa anthu n'kuletsa mkaka msanga. Atayeza ana pafupifupi 300,000 ndi makina a ultrasound, ounikira m'kati mwa thupi, anapeza ena ali ndi khansa, koma UNSCEAR inati kuchulukako kunabwera makamaka chifukwa chofufuza mwana aliyense ndi makina oona ngakhale tinthu ting'onoting'ono.

Za mchere

Apa mpamene tiyenera kusamala ifeyo. Mchere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini ndi umene umateteza ana ku chotupa wamba cha pakhosi. Wa pamulu, wosadziwika kumene wachokera, ndi wotchipa inde, koma ine m'nyumba mwanga sulowa. Ndipo musausiye pambale yosavundikira pafupi ndi moto, ayodini amauluka.

Ndibwerere kwa inu, mayi. Iodine-131 amapangika m'makina a nyukiliya kapena bomba likaphulika. Mgodi wokumba yureniyamu sumutulutsa. Fumbi ndi madzi a pamgodi ndi nkhani ina yoyenera kufunsidwa mwamphamvu, koma si njira ya Chernobyl. Zotupa zambiri za m'khosi mwa ana ndi mwanabere wobwera ndi matenda a pakhosi, a mano kapena TB. Komabe pitani naye kuchipatala cha boma sabata ino, amugwire khosi akumeza. Ngati chotupacho chikukwera n'kutsika, n'cholimba, kapena mawu ake asasa, pemphani ultrasound ndi kuyeza magazi. Akakubwezani ndi panado, pemphani kalata yopitira kuchipatala chachikulu. Mapiritsi a ayodini ogula nokha musamupatse.