Ankolo, kodi ma series amaphunziridwadi kusukulu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Lizulu, dzina sinditchula poti sanandilole. Ndadulako pang'ono koma mfundo yake ndi iyi: "Ankolo, ine ndinalemba Fomu 4 chaka chatha, pano ndimathandiza amayi kugulitsa kachewere ndi kabichi pamsika. Usiku ndimaonera ma series pafoni mpaka tambala woyamba. Ndamva kuti kuli anthu amaphunzira za mafilimu mpaka digiri, koma nditawauza abambo anangoseka, akuti kuonera kanema si sukulu. Kodi amenewa ndi maphunziro enieni? Nanga wa ku Lizulu ngati ine angayambire pati?"

Mphwanga, undikhululukire koma abambo akowo sananame ayi. Kuonera si sukulu. Kukanakhala sukulu bwenzi anyamata onse a pa Tsangano Turn-off ali ma pulofesa. Kuphunzira filimu kumayamba tsiku lomwe waonera chinthu kachiwiri, nkhani ukuidziwa kale, mtima sukugundanso kuti mtsikana uja amukwatira ndani, ndiye maso amapeza mpata woona zina: kamera aiika pati, bwanji adula apa osadikira kaye munthuyo amalize kulira, nyimbo yalowa nthawi yanji, ndipo funso lalikulu kuposa onsewa, ndalama zopangira zimenezi wapereka ndani ndipo akufuna chiyani kwa iweyo.

Funso la ndalamali ndi limene limatsegula zambiri. Taona masewero a pa Zee World kapena Telemundo amene azakhali ako salola kuphonya. Amenewo anapangidwira TV ya tsiku ndi tsiku yokhala ndi malonda pakati, ndiye chifukwa chake anthu ake amangobwereza zomwe zachitika kale, wina akufotokozera wina zomwe tonse taona ndi maso, kuti amene anali kukhitchini kuvundula nsima asasochere akabwera. Episodi imathera pomwe chitseko chikutseguka, kuti mawa ubwerenso. Ndiye mu 2013 Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, inatulutsa House of Cards, maepisodi 13 onse tsiku limodzi, ndipo kalembedwe kanayamba kusintha, palibenso kudikira mawa kapena sabata yamawa, ina ikangotha inzake yayamba yokha usanaganize n'komwe zokagona. Tambala amene amakupeza uli maso uja si kufooka kwako kokha mphwanga, pali anthu anakhala pansi n'kukonza kuti zizitero. Money Heist yomwe ndikudziwa kuti unaionera inayambira pa TV ya ku Spain yotchedwa Antena 3 mu 2017, inali ndi maepisodi 15 ataliatali, Netflix itaigula inaidulanso n'kukhala 22 aafupiko. Nkhani yomweyo, osewera omwewo, koma malo othera episodi anasuntha chifukwa mwini wake wasintha. Zinthu ngati zimenezi ndi zomwe anthu amakhalira m'kalasi n'kumakangana.

Koma ine chomwe chimandikoka mtima kwambiri ndi cha kwathu konkuno, ndipo apa ndi pomwe iwe uli ndi mwayi woposa mwana wa ku Area 10. Netflix inafika ku Malawi mu 2016, koma tinene zoona, ndi angati ku Lizulu amalipira mwezi ndi mwezi kuphatikiza bando yake? Series imakufika kudzera pa burning, mnyamata wa kompyuta uja amakuikira mu memore, chithunzi chafinyidwa mpaka nkhope za anthu zikuoneka ngati phala, kenako mnzako akupatsa pa Bluetooth, ndipo kawirikawiri pamwamba pake pali DJ akumasulira m'Chichewa. DJ ameneyo samasulira chabe ayi, amasintha mayina, msilikali wa ku Korea wasanduka Chimwemwe, mzinda wa Seoul wasanduka Ndirande, pomwe eni ake anafuna tilire iye waponyapo nthabwala holo yonse kuseka. Ndiye tandiuza, chomwe waonera pamenepo ndi filimu ya ndani? Ya ku Korea kapena ya DJ? Ku Uganda nakonso kuli omasulira otere, amawatcha ma VJ. Anthu ena amanyoza kuti ma DJ amaononga mafilimu, ine sindivomereza kwenikweni, agogo anga amene sanapiteko kusukulu anayamba kutsatira filimu kuchokera poyamba mpaka pomaliza chifukwa cha iwowa. Komanso iwe uli pamalire, kungodumpha msewu wa M1 uli ku Mozambique kumene anthu anakulira ma novela a ku Brazil m'Chipwitikizi. Msewu umodzi, zoonera ziwiri. Ukanangoyamba kulemba m'kope zomwe anthu a mbali ziwirizi amaonera, amazipeza bwanji, amaseka pati, amatukwana pati, bwenzi uli kale pa kafukufuku.

Ine ndinayambira mu vidiyo sho ina pa Dedza boma, kachipinda ka mdima kotchinga ndi masaka, mabenchi a zigwagwa, kunja chisanu cha Juni chikuluma makutu. Tsiku lina magetsi anathima filimu itatsala pang'ono kutha, mwini wake anakana kubweza ndalama, ndiye tikubwerera kunyumba aliyense amapeka mathero ake, tinakangana njira yonse. Mawa lake titaonera mathero enieniwo ndinaona kuti a mnzanga wina anali abwino kuposa a eni filimuwo, ndipo kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti filimu sigwa kumwamba, pali munthu amasankha, ndipo amatha kusankha molakwika.

Za kwathu uzionerenso, osamangothamangira za kunja. TV ya dziko lino inayamba mu 1999, dzulodzuloli, tisanafike pamenepo tinakulira masewero a pawailesi ndi a pasiteji, a Izeki ndi Jakobo, kenako Manganya mu Tikuferanji. Ndiye mafilimu athu ambiri anatengera mwambo umenewo, anthu amakhala pasofa n'kumalankhula, kulankhula, kulankhula, ukhoza kutseka maso osaphonya kanthu. Imeneyo ndi wailesi yokhala ndi zithunzi. Koma alipo amene anaonetsa kuti zimatheka. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya mafilimu a mu Africa yotchedwa AMVCA mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe, Shemu Joyah anaipambananso mu 2018 ndi The Road to Sunrise, ndipo Joyah ameneyu ntchito yomwe anaphunzira ndi yoyeza malo. Uoneretu The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, umve Chichewa cha osewera akunja aja. Tonse tinaseka, inde, koma ukatha kuseka udzifunse kuti filimuyo amapangira makutu a ndani, athu kapena a munthu wa ku London amene akungowerenga mawu a m'munsi.

Kumbali ya sukulu, njira zilipo ziwiri ndipo anthu amazisokoneza: kusanthula mafilimu ndi kupanga mafilimu. Ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa za zisudzo, ku MUBAS ku Blantyre kuli utolankhani, ngati mapointi ako ali bwino yesa kumeneko. Koma usanamizidwe kuti ukangomaliza ntchito ikukudikira. Ambiri ogwira kamera kuno amadyera maukwati, zinkhoswe, mavidiyo a makwaya ndi timafilimu ta mabungwe, filimu yawoyawo amapanga ndi zotsala, ikangotuluka mawa lake ili kale pa burning iwo osaonapo ngakhale tambala. Ndiye kachewere wa amayi usamusiye msanga.

Chomwe ndikufuna uchite sabata ino ndi ichi. Sankha kachigawo ka mphindi zitatu mu series yomwe umaikonda, tseka saundi, uwerenge kuti chithunzi chasintha kangati, ulembe m'kope kuti nthawi iliyonse kamera ili pafupi kapena patali, ili pa amene akulankhula kapena amene akumvera. Kenako tsegula saundi koma foni uizondotse, umve zokha. Ukatero kasanu ndi zigawo zosiyana, tenga foni yomweyo ujambule mphindi imodzi pamsika, nthawi imene basi ya ku Blantyre yaima ndipo amayi akuthamangira pawindo ndi ndowa ya kachewere. Uwapemphe kaye iwowo ndi anzawo, anthu sakonda kujambulidwa mwachibera. Popanda wofotokoza, popanda nyimbo ya gospel pamwamba, chithunzi chokha chitiuze ngati agula kapena basi yanyamuka osagula. Mphepo ya ku Lizulu ikuonongera saundi, ndikuuziratu, uyimire kumene ikukumenya kumsana ndipo uyandikire. Ulumikize mu CapCut, pulogalamu ya pafoni yolumikizira mavidiyo, uwaonetse kaye abambo uziwayang'ana nkhope kuti aseka pati ndipo atembenuka pati, kenako unditumizire. Koma uifinye aise, isabwere ya ma MB 300, bando yanga ndi ya sabata.