Yankho langa pa nkhani ya nsawa za kusukulu ija

Halo... yayamba kujambula? Eya. Msuweni, pepa kuchedwa, ndinali ku Saturday Market, foni inali pansi pa matimati. Uthenga wako wa pagulu uja ndawerenga. Ukuti kusukulu kwa mtsikana wako atumiza kalata yoti ana asamabwere ndi nsawa kapena chiponde chifukwa m'kalasi mwawo muli mwana amene nsawa zimamuwenga, ndiye uzimuikira chiyani m'kontena. Funso lolembedwa ndi limenelo. Koma iwe, mayi wa ana atatu, ungasowe choika m'kontena? Iyayi. Mmene walembera muja, "akuti", kenaka "akutinso", ine ndamva kale kuti zakunyansa. Ukuona ngati akunyoza chiponde chathu kuti ncha kumudzi, akufuna uzipita ku Shoprite kukagula mayogati ndi mabisiketi. Usakane. Ena muli pagulu pano ndinu mboni.

Dikira kaye, wandikumbutsa amalume a ku Chadiza, atate ako aakulu aja. Ee, mzimu wawo uuse mumtendere. Munthu uja akanakhala moyo bwenzi atamubweza pageti pa sukulu imeneyo, chifukwa jekete lija, lofiirira lija, thumba lakumanja linali nkhokwe. Sankatha kuona mwana osamupatsa nsawa zokazinga. Pamaliro, kutchalitchi, ngakhale m'basi ya ku Lusaka, pofika pa mlatho wa Luangwa ana onse a m'basimo akutafuna, makoko mbwee pansi.

Ndiye iwo ankalima Chalimbana basi. Ankati nsawa ndi Chalimbana, zinazi ndi udzu. Kenaka alangizi anabwera ndi mbewu ya nsawa yofiira ija ya kumalo ofufuzira zaulimi ku Msekera, MGV4. Chinali chaka cha chilala, 1992... ayi, ndanama, chilala chinali chitapita, chifukwa chimanga chachikasu chija tinali titasiya kudya. Chaka chotsatira kapena chinacho. Alangizi akufotokoza pansi pa mtengo wa mango kuti iyi imacha msanga, imabereka kwambiri, ili ndi mafuta ambiri. Amalume analandira kathumba kawo mwaulemu, manja awiri, kufika kunyumba nkuuza azakhali kuti kazingani. Mbewu! Anadya yonse, nkunena kuti yangochuluka mafuta, nsinjiro zake sizingakome, m'munda mwanga iyi sidzalowa ine ndili moyo. Analumbira pamaso pa anthu, ndi amfumu omwe analipo.

Tsono oyandikana nawo munda aja, ukuwadziwa, a mlandu wa ng'ombe uja, iwo anadzala. Pokolola, matumba kuwunjikana pakhonde. Amalume osayankhula. Chaka chinacho anayamba kulawirira m'mamawa kuti akukaona misampha kuseri kwa phiri. Misampha yanji yopita ndi khasu? Azakhali anangokhala chete, mukuwadziwa azakhali. Itafika nthawi yosenda, akupeta m'lichero, tofiira tikuoneka pakati pa Chalimbana. Kuwafunsa, iwo nkhope ili gwa, akuti ndi mbewa zimenezo, zatuta kumunda kwa aneba. Mbewa zodzala m'mizere, msuweni! Mbewa zopalira! Hahaha... mpaka tsiku lomwalira sanavomere. Ndipo pambuyo pake yofiirayo ndi imene inalipira sukulu ya achimwene ako, koma ukawafunsa ankati ndalama za thonje.

Ndimati chiyani kodi... eya. Ndimati iwe ndi magazi omwewo. Ndikudziwa chimene ukuganiza: kupaka chiponde pang'ono pakati pa buledi, kutseka bwinobwino, aphunzitsi adziwa bwanji. Chimene umafuna pagulu pano nchakuti wina akuuze kuti palibe vuto. Ine sindikuuza zimenezo.

Kuwenga kwa nsawa si kwa tizidzolo toyabwa tokha ayi. Kwa ana ena, pakangopita mphindi zochepa milomo imatupa, lilime limatupa, pakhosi pamatsekeka, mwana akulephera kupuma. Pamenepo mapiritsi a Piriton sakwanira, pamafunika jekeseni ya adrenaline msangamsanga ndi kuthamangira kuchipatala. Ndipo sizifuna mbale yodzaza, kachidutswa kokha kakwana. Kukazinga kapena kuwiritsa sikuchotsa ngoziyo. Usasokonezenso ndi chuku chija timasankha ndi kutaya, ija ndi nkhani ina. Apa ngakhale nsawa yabwino, yosankhidwa ndi manja ako, kwa mwana ameneyo ndi ngozi. Tsono ana a giredi 2 sadya okha. Amalumirana buledi, amamwera botolo limodzi, wako uja makamaka, wopatsa ngati agogo ake a jekete.

Zoti aike? Aa, zambirimbiri, ndipo zonse zili pamsika wa Kapata pompo. Mbatata yophika, makamaka yofiira mkati ija, ili ndi vitamini A, ana amaikonda poti imatsekemera. Chinangwa chophika bwino. Chimanga chachiwisi nthawi yake, dzungu. Dzira lowiritsa, limenelo ndiye limalowa m'malo mwa chiponde, chifukwa chimene chiponde chinkachita nchakuti mwana asamve njala msanga. Ukangomupatsa nthochi yokha pofika 11 koloko akuyasamula. Ndiye phatikiza, chokhutitsa chimodzi, chomanga thupi chimodzi, ndi chipatso. Pabuledi paka peyala, finyirapo ndimu pang'ono lisade. Zipatso tsata nyengo, mango ndi masuku mvula ikamayamba, magwafa ikamatha, manachesi nthawi yozizira. Nthanga za maungu kapena za mpendadzuwa zokazinga ndi kamchere. Mbuliwuli wopanga wekha, koma kamng'ono kaja ka zaka 3 usakapatse, kangatsamwe. Mayogati aja m'kutentha kwa Okutobala, m'chikwama kuyambira m'mawa, amangosasa. Ndi madzi akumwa. Basi.

Koma pamene pali msampha weniweni... iwe, tsitsa wailesiyo, ndikujambula... pepa. Ndimati pamene pali msampha ndi m'khitchini mwathu momwe. Ife a kuno kummawa nsinjiro timathira paliponse osaganiza nkomwe. Futali muli nsawa. Chikanda, chimene anthu amachiona ngati soseji, chimapangidwa ndi nsawa. Phala lotendera, chigumu china amathiramo, mpunga wotendera. Mtondo umene wasinjira nsinjiro dzulo, chiwaya chokazingira nsawa, mpeni umene abambo ake apakira chiponde pabuledi wawo nkudulira wa mwana, zonsezo zimanyamula. Nthanga zija kazingira m'chiwaya chotsuka ndi sopo. Akadya chiponde m'mawa kunyumba, palibe wakuletsa, koma asambe m'manja ndi kukamwa asananyamuke. Zogula m'sitolo tembenuza pepala uwerenge. Ukaona "may contain nuts" bweza pashelefu. Zitumbuwa za pamsewu sudziwa kuti mbale yake munali chiyani, bola upange wekha. Nzama si nsawa, koma kafunse kaye aphunzitsi, amvenso kwa makolo a mwanayo, pamodzi ndi za makorosho (ma cashew aja) ndi soya. Kufunsa sikulipiritsa.

Ndiye chimene ndikunena nchakuti kalata ija sikunena za iwe kapena za kumudzi kwathu. Pali mayi wina m'Chipata muno, dera limene nsawa zili pakhomo lililonse, amene m'mawa uliwonse amasiya mwana wake pageti mtima uli m'mwamba. Iyeyo ndiye wapempha. Chiponde chisiye kunyumba, mwana adzachipeza akaweruka, botolo silithawa.

Ndipo za manyazizo usiye. Mbatata ndi dzira m'kontena yoyera palibe angaseke, ndipo akaseka, ana omwewo mawa adzamupempha. Sukufunika kuwonjezera ngakhale ngwee imodzi. Chotsa nsawa, zinazo ndi zomwe tinakulira.

Ndabwereza dala, poti iwe umamva kachitatu. Osabisa pakati pa buledi, wamva? Nthanga za maungu ndili nazo zambiri, azakhali anatumiza sabata yatha, utume mnyamata wako wamkulu Loweruka adzatenge. Abweretsenso beseni langa lija la pachinkhoswe, usaganize kuti ndinaiwala. Chabwino, nsima ikupserera.